Chaka Chimene Phungu Anachita Lendi Kwathu

Tsiku limene wailesi inalengeza kuti phungu wathu amulanda penshoni, ndinali ndikuluka tsitsi la mayi wina wa ku Matero pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu, mukomboni ya George. Mutu wake ndinausiya theka, mbali ina yoluka bwinobwino, mbali ina ili nyankhalala. Sindinachite dala. Atate anatuluka m'nyumba atakweza wailesiyo m'mwamba, ali ndi vesiti ndi buluku basi, n'kuyamba kuvina. Atate anali mkulu wa mpingo, munthu wa ku Katete amene ngakhale pa ukwati ankangogwedeza mutu pang'ono. Tsiku limenelo anavina ndi m'chiuno momwe.

"Mwamva? Amudula penshoni," anatero akupuma movutika. "Yonse. Sadzaona ngakhale ya sopo."

Amayi anasiya zitumbuwa zikupsa pambaula n'kulowa m'bwalo. Mayi wa ku Matero uja anadzuka chipeso chili chobaya m'mutu, nayenso n'kuyamba kuponda.

Zinali zaka zimene mafakitale ankatsekedwa lero ili mawa linalo. Atate anagwira ntchito pafakitale ya mabulangete kuyambira ine ndisanabadwe, mpaka m'mawa wina anapeza geti lomanga ndi unyolo. Amuna ambiri a mumsewu wathu anali otero. Ankadzuka, kusamba, kuvala malaya osita, n'kukhala panja kudikira kuti dzuwa lilowe. Ufa unkakwera mtengo munthu uli pamzere wogula. Ife tinkadya chifukwa cha zala zanga, zitumbuwa za amayi, ndi tizipinda takuseri timene tinkachititsa lendi.

Phunguyo tinkangomutchula kuti ba Onarebo, dzina laulemu la aphungu. Anali mwana wa mu George momwemo. Mayi ake ankagulitsa makala ndipo ankaimba limodzi ndi amayi anga kumpingo mpaka tsiku limene anamwalira. Pa kampeni tinamuvotera ndi mtima wonse, amayi n'kulandira chitenje chokhala ndi nkhope yake. Analonjeza mpope wa madzi pakhomo lililonse. Anabweretsa anthu okumba, ngalande zikuluzikulu n'kuyenda m'mbali mwa misewu yonse, ndipo iye anabwera ndi galimoto yakuda kudzadula riboni. Mapaipi sitinawaone. Ndalama zake zinakamanga nyumba kumayadi. Ngalandezo zinatsala chotsegula, mvula n'kumadzazamo, zinyalala n'kumagweramo, achule ndi udzudzu n'kumaswana. Madzi tinkakagulabe ku kiyosiki, kanyumba ka mipope kamene komboni yonse inkaimapo pamzere ndi zigubu.

Khoti litamupeza wolakwa n'kumutumiza kundende, anthu sanasangalale kwenikweni. "Wapita kukapuma," ankatero. Tinkadziwa momwe akuluakulu amakhalira kundende. Amalowa, n'kudwala, n'kukagona kuchipatala cholipira, n'kutuluka atanenepa, penshoni ikuwadikira pakhomo. Koma zoti munthu wa suti angamulande za ukalamba wake, monga momwe geti la unyolo linalandira atate, zimenezo sitinazimvepo. N'chifukwa chake komboni inapenga.

Ku kiyosiki azimayi anasandutsa zigubu kukhala ng'oma. Maminibasi ankaliza mahutala kuchokera pasiteshoni mpaka kumsika. M'busa wa katchalitchi ka malata kuseri kwathu anatulutsa chimkuzamawu n'kuyamba kulalikira pakati pa sabata. Anthu amene anali asanalankhulane chiyambire mkangano wa nkhuku ankagwirana manja. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo sindikanatha kukuuzani chimene chinkandiseketsa kwenikweni, chifukwa ufa sunatsike mtengo ndipo mpope sunamere pakhomo. Amayi anagawa zitumbuwa zonse ulere kwa aliyense wodutsa, ndipo dzuwa lisanalowe anali atayamba kale kudandaula.

Panadutsa nyengo zingapo za mvula, nkhaniyo n'kuzizira. Tinamva kuti nyumba zija boma linalanda, mkazi wake anapita kwawo ndi ana, ndipo iye watuluka. Palibe amene ankadziwa kumene ali.

M'mawa wina mvula yoyamba itangogwa kumene, ndikusesa pabwalo, ndinaona munthu akukankha wilibala molimbana ndi matope. Pawilibalapo panali chimpando chachikopa chakuda, chija cha mu ofesi, pamwamba pake matiresi yopinda ndi sutikesi. Paphewa anakoleka masuti ali m'mapulasitiki. Anaima pageti pathu n'kupukuta thukuta ndi tayi.

"Odi kuno."

Mawuwo ndinawazindikira ndisanazindikire munthu. Mimba ija inali itapita, khosi likusambira m'kolala, koma mawu anali omwe aja odzaza bwalo la mpira. Tsache linandigwa m'manja. Amayi anatuluka, n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Si iwe mwana wa malemu uja wa makala?"

"Ni ine, amai," anayankha m'Chinyanja cha m'tauni, popeza Chichewa cha kumudzi anachisiya kalekale. "Namvela kuti muli na kachipinda kumbuyo."

Kachipinda kanalidi kopanda munthu. Amene ankakhalamo ntchito itamuthera anabwerera kumudzi. Atate anatuluka atamva mawuwo, ndipo nkhope yawo inauma.

"Pano ayi. Apite kumayadi."

"Kumayadi kulibe wanga, atate. Nayenda konse."

"Ndiye upite kwa amene unkadya nawo."

"Ni amene anayamba kunivalila mageti."

Amayi anakokera atate pambali, koma kunong'ona kwa amayi kunkamveka mpaka kumsewu. Anati mayi ake a munthuyu anawasambitsa okha pa tsiku la maliro, sangamusiye mwana wawo kugona pasiteshoni. Anatinso, ndipo apa anamwetulira, ndi bwino akhale pafupi kuti tizimuona ndi maso athu akukhala moyo umene anatisiyira. Atate ankangopukusa mutu.

Mkanganowo uli mkati, ba Onarebo anali atayamba kale kuyesa kulowetsa chimpando chija m'kachipinda. Anachitembenuza chammbali, chinakana. Anachiimika, chinakana. Anachisiya pansi pa mango kuti apume. Atate, amene msana unkawavuta chifukwa chokhalira kampando ka thabwa tsiku lonse, anachiyandikira, n'kuchisindikiza ndi chala, kenaka n'kukhalapo ngati akungoyesa. Chinawameza pang'onopang'ono ndi kamphepo kotuluka m'chikopamo. Anatseka maso. Anapeza kuti chimazungulira, n'kuzungulira kamodzi, mapazi ali m'mwamba.

"Ngati akhala, mpandowu ukhala panja pano," anatero osatsegula maso. "Mvula ikabwera ndiziufunditsa ndekha."

Ndinathawira kuseri kwa nyumba kukasekera m'chitenje.

Amayi anamuuza malamulo a pakhomo ataimirira ngati mwana wa sukulu. Kusesa bwalo n'kosinthana. Kutsuka chimbudzi n'kosinthana. Madzi aliyense amakatunga ake, ndipo wina asayerekeze kumutungira. Anamupatsa ndowa imodzi ya tsiku loyamba monga mlendo, basi.

Kenaka ndinakumbukira chinthu china. Chitseko cha bafa lathu chinawola kale, ndipo m'malo mwake tinapachikapo chitenje cha kampeni chija. Nkhope yake inali pamenepo, yonenepa, yomwetulira, yobwerezabwereza kuyambira pamwamba mpaka pansi, itasuluka ndi sopo. Ndinathamanga kuti ndichichotse.

"Chisiye," anatero amayi. "Anatipatsa yekha."

Madzulo ake ndinamuona akupita kukasamba ndi ndowa. Anaima patsogolo pa chitenjecho kanthawi ndithu. Kenaka anachikankhira pambali mwaulemu n'kulowa.

Pofika m'mawa George yense anali atamva. Sindinalukepo tsitsi lambiri ngati sabata imeneyo. Azimayi amene ndinawaluka masiku apitawo ankabwera kuti ndimasule ndiyambirenso, bola akhale choyang'ana kuchitseko cha kachipinda. Ena ankachokera ku Kanyama, ena ku Chawama, kukwera minibasi ndi ndalama ya ndiwo. Ngakhale agogo ena a mutu wometa anabwera kuti ndiwaone ngati pali chimene ndingachite. Amayi ankakazinga osapuma, mafuta n'kutha, n'kutumiza ena. Atate anakhala pachimpando chija ngati mwini chionetsero, akuzungulira uku ndi uku, n'kumayankha mafunso.

"Ali mkati?"

"Ali mkati."

"Amadya chani?"

"Kapenta, ngati ife."

Yankho limenelo linkayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kumsewu, anthu n'kumagwirana mapewa ndi kuseka. Zala zanga zinatupa, koma ndinkadzuka m'mawa uliwonse mtima ukudumpha ngati tsiku la Khirisimasi.

Iye anadzitsekera. Ankatuluka mbandakucha kupita kuchimbudzi n'kubwerera msanga. Koma ndowa ya madzi sikhalitsa. Tsiku lina dzuwa litakwera, chitseko chinatseguka, bwalo lonse n'kutembenukira kumeneko. Anatuluka atavala buluku la suti, malaya oyera ndi nsapato zopukuta, atanyamula chigubu chachikasu chimene anabwereka kwa amayi. Anatipatsa moni aliyense ngati akuyendera dera, n'kutuluka pageti. Tonse tinadzuka n'kumutsatira. Mayi amene ndinkamuluka anabwera nane, ine nditagwirabe nsonga ya tsitsi lake kuti lisamasuke.

Mzere wa ku kiyosiki tsiku limenelo unali wautali, popeza madzi ankangodontha. Ba Onarebo anadutsa mzere wonse osaganiza n'komwe, n'kukaima kutsogolo. Ndikhulupirira kuti sanachite mwano. Miyendo yake inali itaiwala kumene mzere umayambira. Mayi woyang'anira mipope, chimzimayi cha mawu okhuthala chimene ngakhale zidakwa zinkachiopa, anamuyang'ana.

"Ba Onarebo, manzi yamayambila kuja," anatero akuloza ndi chibwano.

Anatembenuka, n'kuona kumene mzere unathera, kuseri kwa kantemba, kasitolo kogulitsirapo matimati. Anayenda ulendo wobwerera chigubu chikumumenya m'bondo, amayi onse akumupatsa moni mmodzimmodzi. "Mwauka bwanji, ba Onarebo." "Mwabwela kuona chitukuko, ba Onarebo." Wina anayambitsa nyimbo ya kampeni yake yomwe, ija tinkavina pabwalo la mpira, mzere wonse n'kuilandira ndi zigubu. Iye anaima padzuwa, thukuta likutsika, akugwedeza mutu pang'ono ngati nyimboyo ikunena za munthu wina.

Atatunga, panabuka vuto lina. Sankadziwa kunyamula chigubu chodzaza. Pamutu anakana. Anachikumbatira pamimba, n'kumayenda chopendama, madzi akumuthira m'malaya. Njira yobwerera kwathu inkadutsa pangalande ija, pamene tinayalapo thabwa limodzi. Ife tinkawoloka pathabwalo titasenza, tikucheza, osayang'ana pansi. Iye anaponda ndi nsapato zake zoterera, n'kufika pakati, thabwa n'kunjenjemera. Anayesa kubwerera. Chigubu chinapita uko, iye uku, ndipo tinangomva phuvu.

Anakhala pansi m'madzi obiriwira ofika m'chiuno, pepala la pulasitiki litamata paphewa. Iye anayang'ana khoma la ngalande mbali iyi, n'kuyang'ana mbali inayo, ngati munthu woyendera ntchito.

"Iyi ngalande niiziba," anatero ndi mawu ake aja a pamsonkhano. "Ninaisegulila neka."

Anthu anagwa. Sindikukokomeza, ena anakhaladi pansi m'matope. Mayi woyang'anira mipope anasiya madzi akutayika, atagwira khoma. Ine ndinasiya tsitsi lija, misozi ikutsika, mpweya ukundithera. Iye mwini anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka, ali m'madzi momwemo.

Panali mayi mmodzi amene sanaseke. Ankakhala nyumba yoyang'anana ndi yathu. Chaka china mvula itachuluka, madzi a m'ngalandezo anasefukira m'zitsime zosaya zimene anthu ankatungamo akasowa ya ku kiyosiki, kolera n'kulowa mukomboni. Mwana wake wamwamuna anadwala m'mawa, pofika tsiku lotsatira anali atapita. Mayiyo anatula chigubu chake, n'kufika m'mphepete mwa ngalande. Sanakweze mawu.

"Madzi amene mwakhalamowo ndi amene anapha mwana wanga."

Kuseka kunazima kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mayiyo anasenza chigubu chake, n'kuwoloka pathabwa lomwelo, n'kumapita. Ba Onarebo anatuluka yekha m'ngalandemo, chokwawa, n'kutola chigubu chopanda kanthu, n'kubwerera kukayamba mzere. Palibe anamuimbiranso nyimbo tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo gulu la odzaonerera linayamba kuchepa. Munthu ukamuona akutsuka chimbudzi kangapo, umazolowera. Anaphunzira kusenza, anagula mapatapata, anaphunzira kuyatsa mbaula ndi pulasitiki. Masana ankakhala pakampando ka thabwa kaja, atate ali pachimpando chake, akusewera drafuti ndi zitsekerero za mabotolo. Ine ndinkaluka pafupi, ndiye ndinkamva zonse.

Nkhani yawo inali imodzimodzi. Ba Onarebo anali atachita apilo kuti amubwezere penshoni, ndipo nthawi ndi nthawi ankavala suti n'kukwera minibasi kupita m'tauni, makondakitala akumukuwira kuti akhale kutsogolo monga bwana koma alipire ngati aliyense. Ankabwerako madzulo nsapato zili fumbi.

"Atate, imwe muone," ankatero akukankha chitsekerero. "Ndende nakhala. Nyumba banatenga. Manje penshoni nayo? Munthu mumozi kumulanga kangati? Vaka vonse vija ninasebenza."

"Unagwira ntchito yanji?"

"Sukulu ija ya kumusika, denga ninaika ine."

"Denga unaika, inde. Ndiye ukafunse penshoni ya denga. Ya madzi unalandiriratu." Atate ankadya zitsekerero zake mosafulumira. "Ine sindinabe ngakhale ulusi wa bulangete, koma tikukhala pamtengo umodzi."

"Sinenze neka. Benze bambili bamene banadya."

"Ndiye uwatchule, abwere. Mango ndi aakulu, mthunzi ukwana."

Iye ankaseka, atate nawo n'kuseka, n'kuyala masewero ena. Sindinamumvepo akunena poyera kuti analakwa. Ankafika pafupi, kenaka n'kukhotera ku denga la sukulu. Koma ankati akaona mayi wa nyumba yoyang'anana nafe akutuluka, ankasiya chiganizo pakati n'kuyang'ana pansi mpaka adutse.

Chaka chimenecho ndinkakwatiwa. Mwamuna wanga anali wowotcherera mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, munthu wofatsa wa timabala ta moto m'mikono. Madyerero tinakonza mu holo ya mpingo wina ku Matero, ndipo woyendetsa mwambo anali msuweni wake, mnyamata wa nsapato zosongoka amene ankadzitama kuti maukwati a m'tauni onse amaitana iye. Ba Onarebo tinamuitana monga munthu wa pakhomo. Anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, atavala suti yoposa ya mkwati.

Titangolowa mu holo, magetsi anazima. Nyimbo inafera pakati, chimkuzamawu n'kukhala chete. Msuweni uja anamenyamenya maikolofoni, n'kuyesa kulankhula popanda iyo, ndipo zinapezeka kuti mawu ake enieni ndi aang'ono ngati a mwanapiye. Anthu anayamba kucheza okhaokha, ana kuthamangathamanga, a kuchimuna ena kuyang'ana kumene kuli mapoto. Ine ndinali kutsogolo mu diresi lobwereka, ndikumva kuti ndilira.

Amayi anadzuka, n'kuyenda holo yonse mpaka kumbuyo. Ndinawaona akuwerama pa ba Onarebo, ndipo monga mwa nthawi zonse kunong'ona kwawo kunamveka.

"Iwe, unkatinamiza pabwalo la mpira popanda magetsi, tonse n'kumva. Imirira."

Anaimirira. Anakonza tayi, n'kuyenda pakati pa mipando mosafulumira, ndipo ndinaona msana wake ukuwongoka ndi sitepe iliyonse. Atafika kutsogolo anakweza dzanja limodzi.

"Bantu ba ku George, bantu ba ku Kalingalinga, na imwe ba ku Matero bamene mwabwela chabe kudya." Mawuwo anagunda malata. Holo inatembenuka yonse. "Muniziba. Lelo sinilonjeza chilichonse."

Denga likanatha kuchoka. Anthu anaimirira pamipando. A kuchimuna, amene ambiri ankangomumva pawailesi, ankafunsana ngati ndi yemweyo, akauzidwa n'kuyamba kukuwa nawo. Iye anadikira kuti phokoso litsike, monga ankachitira kale, n'kuyamba mwambo. Anaitana amayi a kumpingo kuti ayambitse nyimbo ndi manja, anyamata n'kutembenuza mabeseni kukhala ng'oma. Anatchula wachibale aliyense ndi udindo wake osaphonya, popeza miyezi yonse ija pansi pa mango ankamvetsera. Atate anawatchula kuti nduna ya za mipando. Mwamuna wanga, amene sindinamuonepo akuseka mano onse, anagwira patebulo.

Itafika nthawi yofupa, azakhali anga a ku Mtendere ndi amene ananyamula beseni lolandirira mphatso. Ataona amene akuitana anthu, analikumbatira pachifuwa n'kusuntha. Ba Onarebo akayandikira, azakhali ankapita mbali ina. Iye atazindikira, anaika manja kumbuyo ngati womangidwa, n'kumawatsatira choncho pang'onopang'ono, azakhali akuthawa chammbuyo kuzungulira tebulo la keke, nkhope ili yoopsa chifukwa iwo sankachita nthabwala.

"Ponyani mu beseni, osati kuli ine," ankatero. "Ine bananiyesa kale."

Anthu ankabwera kudzaponya kawirikawiri kuti angoona azakhali akuthawa. Ndinaseka mpaka zodzola za kumaso zinasungunuka, wondiperekeza n'kumandipukuta ndi mpango uku nayenso akugwedezeka. Atate anavinanso, kachiwiri m'moyo wanga, ndipo amayi anavina moyang'anizana ndi ba Onarebo, akumuloza ndi chala ngati akumudzudzula motsatira ng'oma. Magetsi anabwera anthu akudya, koma palibe anapempha kuti ayatse chimkuzamawu.

Potuluka, galimoto yobwereka imene inkayenera kutinyamula inakana kulira. Amuna anavula majekete n'kuyamba kukankha, ife tili mkati. Ba Onarebo ankayenda pambali akulamula, uku akuloza, uku akuwerengera anthu kuti akankhe pamodzi, osaigwira galimotoyo ngakhale ndi chala. Itadzuka, anthu anamuwombera m'manja iyeyo.

Mayi wa nyumba yoyang'anana nafe sanabwere ku ukwatiwo. Anatumiza mphika watsopano kudzera mwa amayi, n'kunena kuti andiuze kuti chimene chamuletsa kubwera si ine.

Apilo ija inakanidwa miyezi ingapo pambuyo pake. Amayi anandiuza kuti tsiku limenelo anabwerako, n'kupachika suti, n'kukhala m'chipinda mpaka mawa lake, ndipo atate anakhala ndi drafuti yoyala osasewera ndi wina. Koma mbiri ya ukwati wanga inali itayenda. Anayamba kuitanidwa kuyendetsa maukwati, kenaka maliro, kumene ankadziwa kutsitsa mawu mpaka amuna kulira. Kulikonse lamulo linali lomwelo, beseni agwire wina. Patapita nthawi anasamukira ku Chawama, kwa mayi wina wamasiye wobwereketsa matenti ndi mapoto akuluakulu, amene anakumana naye pamaliro.

Ndinadzamuonanso patapita zaka zambiri, ndili kale ndi ana akuluakulu. Ndinkatsika minibasi ku Chawama ndipo iye ankadutsa atasenza mapolo a tenti paphewa, tsitsi lonse lili mbuu. Anandizindikira, n'kutula katunduyo.

"Mwana wa ba landilodi. Atate bali bwanji?"

Ndinamuuza kuti atate anatisiya chaka chapitacho. Anavula chipewa, n'kuchiika pachifuwa, maminibasi akutiimbira mahutala kuti tichoke panjira.

"Nanga simunaniuze bwanji? Sembe ninayendesa mwambo mahala, osanilipila."

"Tinaganiza zokuitanani. Amayi anakana."

"Chifukwa?"

"Anati anthu akangokuonani mwaimirira kutsogolo ayamba kuseka, ndiye maliro a mkulu wa mpingo aonongeka."

Anaganiza pang'ono, chipewa chili pachifuwa. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, ine nanenso n'kulephera kudzigwira, mpaka tinaima pakati pa siteshoni tikuseka ndi misozi, ogulitsa chimanga chootcha akutiyang'ana. Ananditumiza moni kwa amayi, ndinamuthandiza kukweza mapolo aja paphewa, ndipo anapita chothamanga pang'ono chifukwa tenti inkadikiridwa.